Kumanda Sikucha

Fabiano anadziwa za matenda ake chifukwa cha magazi amene sanawamve akutuluka. Unali mwezi wa Julayi m'chaka cha 1928, nyengo yodulira tiyi, chiperoni chitakuta mapiri a Thyolo moti munthu wa mzere wachitatu unkangomumva kutsokomola osamuona. Pa ntchito yodulira, pa esiteti yonseyo panalibe womuposa Fabiano. Mpeni wake wokhota unkayenda ngati ukudziwa wokha pamene nthambi ikufuna kudulidwa. Tsiku limenelo Amosi, mnzake wa mzere woyandikana, ndiye anaima n'kuloza.

"Achimwene, taonani dzanja lanulo."

Fabiano anayang'ana. Chala chamkombaphala chinali chitang'ambika mpaka fupa kuoneka, ndipo magazi anali atadonthera pamitengo isanu kumbuyo kwake. Iye sanamve kalikonse.

"Ndi kuziziraku," anatero, akuseka ndi mano okha.

Koma mumtima ankadziwa kuti si kuzizira. Panali patatha miyezi mkazi wake Lestina akumudzoza mafuta a nsatsi pa mawanga otuwa amene anatuluka kumsana, onse awiri osatchula chimene ankaganiza. Kapitawo atabwera anamuuza kuti avule chiguduli chimene anafunda. Anathyola munga n'kumubaya pa banga limodzi, kenako pa lina.

"Wamva?"

"Ayi."

Kapitawo anaponya mungawo kutali, n'kubwerera m'mbuyo mapazi atatu.

"Khate ili," anatero. Sanakweze mawu, koma anthu onse a m'mizere yapafupi anamva, ndipo mipeni inaleka kulira.

Fabiano anali Mlhomwe. Anawoloka Ruo ali mnyamata, kuthawa chibalo cha Apwitikizi, atasenza mtolo wa mitengo ya chinangwa ndi mkeka umodzi. Ku Thyolo kuno anagwetsa nawo nkhalango, anazula zitsa, anabzala tiyi pamene kale pankalira anyani. Anakwatira Lestina n'kumanga nyumba pamudzi wa mkaziyo, m'malire mwa esiteti, ndipo anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Teleza, amene anali atangoyamba kumene kuyenda. Zonsezi zinatha m'sabata imodzi. Ntchito anamuchotsa. Alamu ake anamumangira chisakasa kumapeto kwa munda, m'mbali mwa tchire, ndipo chakudya ankamusiyira m'phale pamwala, n'kuitana ali patali monga mmene amaitanira galu woluma.

Anakhala m'chisakasamo miyezi isanu ndi umodzi. Chilimwe chinadutsa, mvula inagwa, tiyi anaphuka, ndipo m'mawa uliwonse ankamva azimayi akupita kukatchola, madengu kumsana, akuseka nkhani zimene iye sankazidziwanso. Dzanzi linakwera kuchoka kuzala kufika m'zikhatho. Tsiku lina anapsa ndi moto, n'kuzindikira chifukwa cha fungo.

Ndiye m'mwezi wa Januwale Lestina anabwera yekha, mwana kumbuyo. Anaima pamwala paja, maso pansi.

"Atsibweni anena kuti ukwati watha," anatero. "Ine ndinakana, bambo ake a Teleza. Ndinakana kawiri. Koma akuti mwanayu…"

Teleza anasuzumira paphewa la amayi ake, n'kumuona, n'kutambasula timanja tonse tiwiri. "Ababa!" Fabiano anapinda manja ake kumbuyo n'kuwagwiritsa pamenepo mpaka awiriwo atabisika ndi chimanga.

M'mawa mwake anasesa m'chisakasamo bwinobwino, anasiya mpeni wake wodulira pamwala kuti Amosi adzautole, n'kuuyamba ulendo wa kumtsinje wa Nsuwadzi. Mvula inali itagwa masiku atatu osakata, ndipo ankadziwa kuti mtsinjewo wadzaza. Wakhate sankamukumbira manda, poopa kuti nthaka ingakwiye mvula n'kuleka. Iye anaganiza kuti madzi sakana munthu, ndiponso alamu ake sadzavutika kufuna phanga lomuponyamo.

Atatsala pang'ono kufika pamtsinje, pamene msewu wa ku Makwasa umatsetsereka, anapeza ngolo itatitimira m'matope mpaka pakati pa gudumu. Ng'ombe ziwiri zinali zitaima m'goli, zikupuma mwawefuwefu. Pambali pake panali bambo wamfupi wa ndevu zaimvi, kachisoti koyera kumutu, mkanjo ataupindira m'chiuno, akukambirana ndi ng'ombezo ngati anthu.

"Iwe Sitima, dzina lonseli, wagonja ndi matope? Nanga iwe Bulangete, ukuyang'ana ine, ndine ndakumba?"

Fabiano anawadziwa. Ndani sankawadziwa Che Stambuli? Anali Myao wa ku Luchenza, wonyamula mchere, nsalu ndi palafini kuchokera kusiteshoni ya sitima kupita nazo m'masitolo a kumapiri. Koma chimene ankatchuka nacho si ngoloyo ayi. Anali ndi kaligo, kachoimbira ka chingwe chimodzi kokhwekhweza ndi kauta, kamene kankalendewera pamtengo wa kutsogolo kwa ngolo. Akamadutsa m'minda ya tiyi akuimba, otchola ankaimika manja m'malere, ndipo ngakhale makapitawo ankachita ngati sakuona. Nyimbo zawo ankapeka okha, ndipo anthu ankati sanaimbepo nyimbo imodzi mofanana kawiri.

Fabiano analowa patchire kuti awalambalale, koma mkuluyo anali atamuona kale.

"Aphwanga! Mulungu wakutumani. Tabwerani mudzakankhe kuno."

"Sindingathe, bambo."

"Mapewa onsewo?"

Fabiano anatulutsa manja ake n'kuwaonetsa. "Ndine wakhate. Ndikagwira katundu wanuyo palibe adzagule."

Che Stambuli anayang'ana manjawo mosathamanga, kenako nkhope yake, kenako njira imene ankalowera, imene sinkapita kumudzi uliwonse koma kumtsinje basi.

"Ine ndakupemphani phewa," anatero. "Mcherewo uli m'matumba, sumva miseche. Bwerani."

Panali patatha miyezi isanu ndi umodzi munthu asanamupemphe kanthu. Fabiano anangopezeka walowa m'matope. Anaika phewa kumbuyo kwa ngolo, ndipo mkulu uja anadzaima pambali pake penipeni, phewa kukhudza phewa. Anakuwira ng'ombe, onse anakankha, matope analira, gudumu linatuluka. Fabiano anagwa chafufumimba, ndipo Che Stambuli anamugwira pamkono n'kumudzutsa, osapukuta dzanja pambuyo pake.

"Kwerani. Mukupita kuti?"

"Pamtsinje pompa."

"Eya. Inenso ndikupita pomwepo."

Nsuwadzi anali atasefukira. Madzi ofiira ankathamanga atanyamula mitengo, mapesi ndi nthochi zozuka ndi mizu yomwe. Pamalo owolokera ngolo sipankaoneka mwala ndi umodzi womwe. Che Stambuli anaimika ng'ombe pansi pa mkuyu, anazika kamtengo m'mphepete mwa madzi kuti aziona ngati akuphwa, n'kubwerera.

"Tidikira. Kumtunda kwayera, pofika masana atsika. Inu gwirani chingwechi, ine ndikaswali. Bulangete ndi wamantha, akamva mkokomo amafuna kuthawa. Zikathawa, mlandu ndi wanu."

Anakulunga chingwe padzanja la Fabiano, natenga kamkeka kawo n'kupita paseli pa mkuyu. Fabiano anakhala pamenepo, mtsinje uli mapazi khumi patsogolo pake, ng'ombe za eni zili m'manja. Anaganiza zomangirira chingwecho kumtengo. Koma zala zake sizikanatha kumanga mfundo yolimba, ndipo anachita manyazi kuti munthu amene wamukhudza popanda kunyansidwa abwere adzapeze ng'ombe zake zitabalalika. Anati adikire mapemphero athe.

Atatha kuswali, Che Stambuli sanatenge chingwecho. Anatsitsa kaligo, anakhala pamuzu, anapaka utomoni pakauta, n'kuyamba kukhwekhweza. Kachingwe kaja kanalira ngati mwana wa mbuzi wotayika. Kenako mawu anatuluka, mawu aakulu osayenerana ndi thupi lochepalo:

Anandisiya panjira, katundu wa mzungu atasenza wina,
ntchentche zinayamba kale kundilira maliro.
Ndinati ndife, koma pakhosi panakana:
ndipite ndisanalawe mango a chaka chino?
Kumanda sikucha, amayi, kumanda sikucha,
tambala akalira akuitana ife tili kuno.

"Imeneyo ndi nkhani yoona," anatero, kauta kakuyendabe. "Nkhondo ya Jeremani ija ndinali mtengatenga. Kamwazi anandigwira kutali, kumpoto uko. Anandigoneka pansi pa mtengo n'kumapita. Masiku awiri ndili gone. Ndinayesa kukumbukira nkhope ya mkazi wanga, inakana kubwera. Ndinayesa mapemphero, anasokonekera. Chimene chinabwera ndi mango, mango a kumudzi kwathu, okhala ndi ulusi aja, madzi ake akuyenderera m'chigongono. Ndinakwiya, aphwanga! Ndinati anthu ena adye mango ine nditawola? Ndinakwawa mpaka pamudzi wina. Anthu amati munthu amapulumuka ndi zinthu zikuluzikulu. Ine ndinapulumuka ndi dyera."

Fabiano sanaseke. Mkuluyo anapitiriza:

Kumanda kulibe kuyabwa, kulibenso wokukanda,
kulibe mvula yokunyowetsa, kulibe dzuwa lokuumitsa,
kulibe mnzako wokunena, kulibe woti useke naye.
Kumanda sikucha, amayi, kumanda sikucha.

"Nyimbo yanuyo ndi ya anthu, bambo," Fabiano anatero mowawidwa mtima. "Ine kuyabwa ndinasiya kumva. Ndipo ngakhale manda omwewo sadzandikumbira."

"Ndiye pansi pakukanani?"

"Pandikana."

"Basi khalani pamwamba pompano. Mukakamira bwanji kumene sakukufunani?" Anasiya kukhwekhweza n'kumuyang'anitsitsa. "Khungu lafa, ndamva. Nanga makutu? Mwandimva bwanji ine? Nanga mphuno? Tandiuzani chinthu chimodzi chimene chikadali chokoma kwa inu. Chimodzi chokha. Nyimbo yanga ikuperewera, ndipo ine mango ndawaimba mpaka atopa."

"Palibe."

"Ndidikira. Madziwa nawonso sanaphwe."

Anadikiradi. Anatulutsa chinangwa chowotcha, anachinyema pakati, theka n'kumupatsira m'manja, theka n'kudya okha. Dzuwa linatuluka, nthunzi inayamba kukwera pamisana ya ng'ombe. Patapita nthawi yaitali Fabiano analankhula, maso ali kumadzi.

"Tiyi akangodulidwa kumene… pamakhala kafungo. Kowawira, ngati khungwa laliwisi. M'mawa, nkhungu isanachoke."

"Eya. China?"

"Mwana wanga amati ababa. Sanadziwe kunena bwino. Amayamba ndi kukuwa, ngati ndili kutsidya la phiri, chonsecho ndili pompo."

Che Stambuli anatsinzina. Kauta kanayenda kangapo popanda mawu, kenako anaimba:

Ndani anunkhize tiyi wodulidwa m'nkhungu,
mphuno ya Fabiano ikapita ndi madzi?
Kamwana kakuwa ababa kutsidya la phiri,
ayankhe ndani, ayankhe achule?
Kumanda sikucha, amayi, kumanda sikucha.

Dzina lake anali atawauza ali pangolo, mosaganizira, ndipo sanayembekeze kuti alisunga. Tsopano analimva likutuluka m'nyimbo, pamodzi ndi mawu ake omwe, amene anawanena ngati zinyalala koma atabwerera kwa iye atasambitsidwa. Analira. Analira mokweza ngati mwana, ng'ombe n'kutembenuka kumuyang'ana, ndipo mkuluyo sanamutonthoze. Anangopitiriza kukhwekhweza pansipansi mpaka kulirako kutatha kokha.

Dzuwa litapendeka, kamtengo kaja kanali pouma. Miyala ikuluikulu ya pachiwoloko inayamba kuonetsa mitu.

"Tsopano tamverani," Che Stambuli anatero. "Ku mishoni ya ku Makwasa kuli dokotala amene akubaya akhate jakisoni wa mafuta. Awamangira mudzi wawo, amalima, amapemphera. Ena ndawaona ndi maso angawa akutuluka mawanga atazimirira. Ena ayi, sindikunamizani. Ine ndikupita komweko ndi mcherewu. Koma ng'ombezi siziwoloka popanda munthu wozitsogolera, ndipo ine ndiyenera kukhala pangolo. Mulowa m'madzimo ndinu. Mukafika pakati, zotsalazo mudziwa nokha."

Fabiano anakulunga chingwe kuzungulira mkono, pamwamba pa chigongono pamene pankamvabe, n'kulowa. Madzi anafika m'mawondo, m'chiuno, m'chifuwa. Anali ozizira ndipo ankakoka ngati munthu wamphamvu. Apa ndi pamene anadzera. Kungomasula chingwe, kungopinda mawondo, basi. Kumbuyo kwake ngolo inkalira, Che Stambuli ataimirira pamwamba pa matumba, akuimba ndi mawu onse, opanda kaligo, kupikisana ndi mkokomo wa mtsinje.

Pakati penipeni mwala unagubuduka pansi pa phazi lake, ndipo anamira. Madzi analowa m'mphuno, m'kamwa, m'maso munada. Pamenepo Fabiano sanaganize kanthu. Miyendo inapalasa yokha, mkono unakoka chingwe, mutu unagunda pachifuwa cha Sitima, ndipo anakolowekera dzanja pagoli n'kutulukira pamwamba akutsokomola, akutukwana m'Chilhomwe mawu amene anali asanawatchule chichokere kwawo. Anakoka ng'ombezo ndi ukali mpaka ziboda zinagunda mchenga wa kutsidya.

Anagona pamchengapo akusanza madzi. Che Stambuli anatsika n'kuima pambali pake.

"Ndinaona ngati ndakuphani," anatero. "Mulungu andikhululukire, ndinachita juga ndi moyo wa eni."

"Madzi ake ndi oipa," Fabiano anayankha, akupuma movutika. "Amanunkha matope."

Mkuluyo anaseka mpaka kukhala pansi.

Anafika ku Makwasa dzuwa lisanalowe. Mudzi wa akhate unali padera, timanyumba m'mizere, minda ya chimanga ndi mbatata kumunsi kwake. Anamulandira, anamusambitsa zilonda, anamupatsa nyumba yogona ndi amuna ena awiri. Jakisoni uja anali woopsa. Mafuta ake anali olemera, ankalowa m'thupi ngati phala lamoto, ndipo pobayapo pankatupa masiku atatu. Amuna akuluakulu ankalira pamzere. Fabiano ankati ikafika nthawi yake, ankaluma mano n'kumang'ung'udza nyimbo ija. Mawu ake anali oipa, okhadzula ngati a khwangwala, koma anzake a pamzere anayamba kufunsa kuti ndi nyimbo yanji, ndipo posakhalitsa tsiku la jakisoni mzere wonse unkayankha pamodzi kuti kumanda sikucha.

Pamudzipo panali mayi wina wa ku Nsabwe, dzina lake Alesi. Matendawa anali atamugwetsa mphuno, ndipo chifikire sanatulukepo m'nyumba masana. Anayamba kukana chakudya. Anamwino anayesa kumunyengerera, abusa anamupempherera, iye anangotembenukira kukhoma. Fabiano anapita kukakhala pakhomo pake, kunja, n'kuimba nyimbo yonse kuyambira pa mango mpaka pa achule. M'nyumbamo munali zii. Anabweranso mawa lake, ndi mkuja. Tsiku lachinayi mawu anatuluka mkatimo.

"Inu, kodi simungakaimbire kwina? Mawu anuwo akundipweteka m'mutu."

"Ndichoka mukandiuza chinthu chimodzi chimene chikadali chokoma kwa inu. Mwini nyimboyi akubwera Lachisanu, ndipo amafuna mawu atsopano."

"Palibe."

"Inenso ndinatero. Ndidikira."

Anadikira mpaka mthunzi wa nyumba unasuntha. Kenako, motsitsa kwambiri, Alesi anati, "Kalongonda. Wophika tsiku lonse, wothira tsabola. Amayi anga ankaphika."

Lachisanu ngolo inaima pampanda monga inkachitira sabata ziwiri zilizonse, ndipo odwala onse otha kuyenda anasonkhana. Fabiano ananong'oneza Che Stambuli, ndipo iwo anaimba za kalongonda wa ku Nsabwe, nyemba youma mutu imene imafuna nkhuni za chaka chonse, imene ukaiphika mothamanga imakuledzeretsa, koma ukaipirira imakoma kuposa nyama. Anthu anaseka, ena anaomba m'manja ndi zikhatho zopanda zala. Chakumapeto kwa gululo Fabiano anaona munthu ataima, nsalu itaphimba theka la nkhope. Anali Alesi. Ulendo wotsatira Che Stambuli anabwera ndi kathumba ka kalongonda, ndipo anakana kuchoka mpaka mwiniwake atalonjeza kuti aphika yekha.

Kuyambira pamenepo aliyense ankasunga mawu ake kudikira ngolo. Wina anatchula kusamba madzi ofunda. Wina kulira kwa njiwa nthawi yokolola. Mkulu wina wosaona anati chimene chimamukomera ndi kukangana, ndipo Che Stambuli anamupekera ndime yaitali moti mkuluyo anaikana kuti yalakwika, anthu n'kufa nacho chiseko. Chodabwitsa chinali chakuti Che Stambuli sankaiwala. Pakatha miyezi ankatha kuloza munthu n'kuimba ndime yake, dzina ndi mudzi womwe. Anthu amene abale awo anasiya kuwatchula ankamva maina awo akuimbidwa pamsewu, ndipo ankadziwa kuti mawa adzamveka ku Luchenza, ndi m'minda ya tiyi monse mmene ngoloyo inkadutsa.

Si onse anakondwa nayo nyimboyo. Mphunzitsi wa pamishoni, a Stafford, munthu wofatsa wokonda Baibulo lake, anawaimitsa Che Stambuli tsiku lina pamaso pa anthu.

"Bambo, nyimbo yanu ndi yokoma, koma ikusocheretsa. Kumanda kudzacha. Lipenga lidzalira, akufa adzauka. Kodi kwanu ku Chisilamu simuphunzitsa zomwezo?"

"Timaphunzitsa, aphunzitsi, ndipo ndimakhulupirira ndi mtima wonse," anayankha. "Kudzacha ndithu, tsiku limodzi lalikulu. Koma amene adzatidzutse tsiku limenelo ndi yemweyo amene watidzutsa lero. Ndiye ine ndimuuze kuti m'mawa wa lerowu sindikuufuna, ndikudikira winawo? Mwana wokana phala chifukwa akudikira nyama ya Khirisimasi, inu mumamutani?"

A Stafford anaganiza, anakanda kumutu, kenako anati, "Ndiye muikemo ndime ya lipenga."

"Ndiuzeni kaye chimene chimakukomerani inuyo."

Mphunzitsiyo anayang'ana uku ndi uku, n'kunena chapansipansi kuti fungo la buku latsopano. Ndime imeneyo inalowa, ya lipenga inalowanso.

Fabiano anakhala ku Makwasa zaka zinayi. Ena amene anaimba nawo pamzere anamwalira konko, ndipo anawaika m'manda enieni, okumba, mvula osaleka kugwa. Iye mawanga anazimirira, ngakhale zala zitatu zinatsala zofupika ndipo dzanzi silinachoke. Dokotala anamupatsa kalata yonena kuti matenda aima. Anapita nayo kumudzi kwa Lestina. Anapeza atakwatiwa ndi mwamuna wina, ali ndi mwana wakhanda, ndipo sanamusungire chakukhosi. Teleza anali atakula, sanamudziwe, anabisala kumbuyo kwa nkhokwe. Fabiano anakhala pansi patali n'kumudikira, pakuti kudikira anali ataphunzira. Dzuwa likupendeka mwanayo anabwera yekha kudzaona zala zachilendozo, anazigwira chimodzichimodzi, n'kufunsa ngati zimamera.

Alesi anatuluka chaka chotsatira. Anakwatirana ndi Fabiano, n'kupeza malo kwa Changata, pamtsetse woyang'ana kum'mawa, pamene anabzala nthochi, nandolo ndi chinangwa. Khasu Fabiano ankalimangirira kudzanja ndi luzi.

Nthawi imeneyo malole anali atayamba kuyenda m'misewu ya Thyolo, ndipo ngolo ya Che Stambuli inasiya kuoneka. Fabiano atamva kuti mkuluyo wagulitsa ng'ombe ndipo akungokhala pakhomo, anadula mkoko wa nthochi woyamba kukhwima m'munda mwake n'kuusenza ulendo wa ku Luchenza. Njira inadutsa m'minda ya tiyi. Pena pake anapeza azimayi akutchola, akuimba nyimbo ija, koma ndi ndime zimene iye sanazimvepo, za mwana woyamba kumera mano, za madzi a pakasupe, za mwamuna wobwera ku Joni ali wamoyo. Anaima n'kufunsa mmodzi ngati akumudziwa mwini nyimboyo.

"Ilibe mwini imeneyi," mayiyo anayankha, manja osaleka kutchola. "Ndi yamakolo."

Fabiano anafika ku Luchenza atakwiya nazo. Anawapeza Che Stambuli pakhonde, ataonda, maso atachita nkhungu, kaligo kali pamiyendo. Atangotula mkoko uja anawafotokozera zonse.

"Akuti yamakolo! Ndinafuna kuwauza kuti ine ndinalipo, ndinaiona ikukula pansi pa mkuyu."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola, m'kamwa muli mano awiri okha.

"Ndiye ndasanduka makolo ndikadali moyo? Aphwanga, ulemu woposa pamenepa ndiupeza kuti? Isiyeni, yakwatiwa imeneyo, ili ndi ana ake." Anapapasa mkoko uja mpaka anapeza nthochi yakupsa, anaisenda, n'kuidya pang'onopang'ono atatsinzina. "Mwaona nzeru za Mulungu? Wandichotsa mano, n'kunditumizira munthu wa nthochi. Khalani apa. Ndili ndi ina yatsopano, ya nkhalamba imene ikukangana ndi mawondo ake, koma yandikanika pomaliza. Mwina inu muithandiza."

Fabiano anakhala masiku atatu, akudya nawo mbale imodzi, ndipo nyimboyo anaimaliza, ngakhale Che Stambuli ananena kuti mawu a Fabiano akadali oipa ngati kale ndipo asamaimbe pafupi ndi nkhuku zoikira. Tsiku lachinayi analawira m'mamawa. Nandolo anali atauma m'munda, ndipo Alesi, amene anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, sakanatha kukolola yekha.